Otolera Zitini: Mbiri ya Bungwe la IBFAN

Pa 12 Okutobala 1979 unatha msonkhano wa masiku anayi umene mabungwe a WHO ndi UNICEF anaitanitsa ku Geneva. Nkhani yake inali kadyetsedwe ka makanda ndi ana aang'ono. Kunabwera nthumwi za maboma, madokotala, akuluakulu a makampani opanga mkaka wam'chitini, komanso anthu amene masiku amenewo sankaloledwa kawirikawiri m'zipinda zoterezi: a timabungwe tomwe tinali titalimbana ndi makampaniwo kwa zaka zingapo. Msonkhano unagwirizana kuti palembedwe ndondomeko ya dziko lonse yoyendetsera malonda a mkaka wolowa m'malo mwa bere. A timabungwe aja anadziwa kuti lonjezo la pamsonkhano silidziyendera lokha. Asanabalalike, magulu asanu ndi limodzi, kuphatikizapo War on Want ndi Oxfam a ku Britain, INFACT ya ku America ndi mgwirizano wa mabungwe oimira ogula malonda wa IOCU, anamanga chimodzi n'kukhazikitsa International Baby Food Action Network, mwachidule IBFAN.

Mlandu umene anabwera nawo unali wakale. Dokotala wa ana Cicely Williams, wobadwira ku Jamaica, yemwe anafotokoza za nthenda ya kwashiorkor akugwira ntchito ku Gold Coast, dziko lomwe lero ndi Ghana, anayankhula ku Singapore mu 1939 za makanda amene ankafa chifukwa chomwetsedwa mkaka wam'chitini, ndipo anati kutsatsa mkakawo mwachinyengo n'chimodzimodzi kupha. Palibe chinasintha. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, amayi a ku Ulaya ndi ku America ochuluka anasiya kuyamwitsa. Kenako chiwerengero cha ana obadwa kumeneko chinayamba kutsika, ndipo makampani anaponya maso ku Africa, Asia ndi Latin America kumene makanda ankabadwa ambiri. Anatsatsa pa wailesi ndi pa zikwangwani. Anagawa zitini zaulere m'zipatala. M'mayiko ena analemba ntchito atsikana n'kuwaveka zovala zonga za anamwino kuti aziyendera amayi ongochira kumene.

Msampha wa chitini chaulere ndi wosavuta kuumvetsa kwa mayi aliyense amene anayamwitsapo. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Khanda likazolowera botolo m'masabata oyamba, mkaka wa mayi umachepa, ndipo chaulere chija chikatha banja liyenera kugula. Ndalama zikavuta mayi amachepetsa masupuni n'kuchulutsa madzi kuti chitini chifike kumapeto a mwezi. Madziwo akhoza kukhala a pachitsime, nkhuni zowiritsira botolo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku palibe, malangizo a pachitini ali m'chiyankhulo chomwe mayi sawerenga. Mapeto ake mwana amatsegula m'mimba n'kunyentchera.

Chimene chinautsa mapiri pachigwa ndi kabuku kakang'ono. Mu 1974 War on Want inasindikiza The Baby Killer, kolembedwa ndi Mike Muller. Gulu lina la achinyamata a ku Bern ku Switzerland linakamasulira m'Chijeremani n'kukapatsa mutu wonena mosabisa kuti Nestlé imapha makanda. Nestlé inawasumira. Mu 1976 khoti linapeza mamembala 13 a gululo olakwa chifukwa cha mutu wa kabukuko, n'kuwalipiritsa mafaranki 300 aliyense, koma woweruza anauza kampaniyo kuti isinthe kotheratu katsatsidwe kake. Zaka ziwiri za mlandu zinafalitsa nkhaniyi kuposa mmene kabuku kakanachitira. Mu Julayi 1977 INFACT inayambitsa ku Minneapolis kunyanyala katundu wa Nestlé, ndipo mu 1978 senata Edward Kennedy anaitanitsa makampani ku nyumba ya malamulo ya America. Funso lake linali lakuti kodi chinthu chofuna madzi aukhondo, ndalama zokwanira ndi kholo lodziwa kuwerenga chingagwiritsidwe ntchito bwino kumene zonsezi kulibe. Ndi iye amene anapempha mkulu wa WHO, Halfdan Mahler, kuti achititse msonkhano wa ku Geneva uja.

Ndondomeko inalembedwa ndi kulembedwanso kwa chaka ndi theka, makampani akukokera kwawo, IBFAN kwawonso. Zimene inanena sizinali zoopsa. Sinaletse kugulitsa mkaka wam'chitini, poti alipo ana amasiye ndi ena amene amaufunadi. Inaletsa kuutsatsa kwa anthu wamba, kugawira amayi zitini zaulere, kupachika zotsatsa m'zipatala, kupereka mphatso kwa azaumoyo, ndi kuika pachitini chithunzi cha khanda chokopa. Inati pachitini palembedwe kuti bere ndilo loposa, m'chiyankhulo choyenera dzikolo. Pa 21 Meyi 1981 msonkhano waukulu wa WHO unaivomereza: mayiko 118 anati inde, Japan, Argentina ndi South Korea sanavote, ndipo America yokha, pansi pa Ronald Reagan, inakana, ponena kuti ndondomekoyo ikusokoneza ufulu wa malonda ndi ufulu woyankhula. Akuluakulu awiri a USAID, Stephen Joseph ndi Eugene Babb, anatula pansi maudindo awo posagwirizana ndi voti imeneyo.

Ambiri akamakamba za tsikuli amatchula 118 aja n'kuiwala chinthu chimene chinatsogolera mbiri yonse ya IBFAN. Malamulo a WHO amalola msonkhano kupanga lamulo lomanga mayiko kapena malangizo chabe. Pofuna kuti America isatsalire, akuluakulu anasankha malangizo. America inakanabe. Dziko lapansi linatsala ndi galu wouwa bwino koma wopanda mano, ndipo mano ake anayenera kuikidwa ndi nyumba ya malamulo ya dziko lililonse payokhapayokha.

Apa m'pomwe IBFAN inapezera ntchito yake yeniyeni, ndipo ine ndimaona kuti ntchito imeneyi ndi yaikulu kuposa kunyanyala kumene kunaitchukitsa. Kunyanyala kunaimitsidwa mu 1984 Nestlé italonjeza kutsatira ndondomeko, kenako kunayambiranso mu 1988 zitadziwika kuti zitini zaulere zikusefukirabe m'zipatala. Nyuzipepala zinalemba zimenezo. Zimene sizinalembedwe kwambiri ndi za kaofesi ka ku Penang ku Malaysia, International Code Documentation Centre, komwe Annelies Allain anatsogolera kuyambira m'ma 1980. Kumeneko kunkafika mapepala omatulidwa pazitini, makalendala a m'zipatala, timabuku togawira amayi, zithunzi za m'masitolo, zonse zotoleredwa ndi anamwino, azamba ndi amayi odzipereka m'mayiko ambirimbiri. Ankaziyika pambali pa ndime za ndondomeko n'kusindikiza malipoti otchedwa Breaking the Rules, otchula kampani, dziko ndi cholakwa chake. Kaofesi komweko kanaphunzitsa maloya ndi akuluakulu a maunduna a zaumoyo kalembedwe ka lamulo loti likaime m'khoti. IBFAN sinakhale ndi likulu limodzi lolamula onse. Magulu ake anali odziimira: GIFA ku Geneva, Baby Milk Action ku Cambridge, BPNI ku India, ofesi ya chigawo cha Africa ku Mbabane ndi ina ya mayiko oyankhula Chifalansa ku Ouagadougou. Lamulo lowamanga pamodzi linali lakuti asalandire ndalama ya kampani yopanga zakudya za makanda. Mu 1998 bungweli linalandira mphoto ya Right Livelihood ku Sweden.

Kwathu kuno nkhani inafika kudzera pa pepala la pachitini. M'zaka za m'ma 1990 mkaka wa makanda wa Nestlé unkagulitsidwa m'Malawi wopanda malangizo a m'Chichewa, ndipo kampaniyo inkanena za kukwera mtengo kosindikiza mapepala a msika waung'ono ngati wathu. Baby Milk Action inalimbikira nkhaniyi mpaka inafika pa wailesi yakanema ku Britain m'pulogalamu ya Mark Thomas, ndipo kenako Chichewa chinaonekera pachitini. Malawi inakhazikitsa malamulo ake a katsatsidwe ka zakudya za makanda mu 2004.

Mayiko ena anali atapita kale patsogolo. Guatemala inapanga lamulo mu 1983, Philippines mu 1986 pansi pa Corazon Aquino, India mu 1992. Koma pamene malamulowa ankamera, ku Geneva komweko kunkamangidwa nyumba ina. Zokambirana za malonda zomwe zinayambira ku Uruguay mu 1986 zinabala World Trade Organization, WTO, mu 1995. Mapangano a WTO si malangizo. Dziko lowaphwanya likhoza kusumiridwa, ndipo likagonja katundu wake akhoza kukwezeredwa msonkho ndi amene analisumira. Choncho mkangano wa bere ndi botolo unapezeka pakati pa mapepala awiri osalingana mphamvu, la zaumoyo lopempha, la zamalonda lolamula.

Guatemala ndiyo inayamba kulawa zimenezi. Lamulo lake linaletsa zithunzi za makanda pa zakudya za ana aang'ono. Kampani ya ku America ya Gerber, yomwe chizindikiro chake ndi nkhope ya khanda lonenepa masaya, inakana kuchotsa nkhopeyo ponena kuti ndi chizindikiro chake cha malonda chotetezedwa ndi mapangano a mayiko. Boma la America linaima kumbuyo kwa kampaniyo, ndipo Guatemala inakumbutsidwa kuti katundu wake amalowa mu America mopepukidwa msonkho. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 dzikolo linagonja, zakudya za ana zochokera kunja zinachotsedwa pansi pa lamulo, nkhope ija inatsala pamashelefu. Mlanduwo sunakaweruzidwe n'komwe m'bwalo la malonda la mayiko. Kuopseza kokha kunakwanira, ndipo umu ndi mmene zakhala zikuyendera mpaka lero.

Ku Philippines zinachitika poyera kwambiri. Unduna wa zaumoyo utakhwimitsa malamulo mu 2006, mgwirizano wa makampani unakasuma ku khoti lalikulu, ndipo mkulu wa US Chamber of Commerce, Thomas Donohue, analembera kalata pulezidenti Gloria Arroyo yochenjeza kuti malamulowo aika pachiswe mbiri ya dzikolo pamaso pa obweretsa ndalama za malonda. Amayi anachita zionetsero ku Manila, magulu a IBFAN anaulutsa kalatayo dziko lonse. Mu Okutobala 2007 khoti linavomereza mbali yaikulu ya malamulowo, koma linakana ndime yoletseratu kutsatsa kwa mtundu uliwonse. Vietnam inalandira kalata yofanana nayo kuchokera ku ofesi ya kazembe wa America mu 2012, komabe inaletsa kutsatsa mkaka wa ana osakwana zaka ziwiri. Thailand inafunsidwa mafunso mobwerezabwereza mu komiti ya WTO yoona zolepheretsa malonda, ndipo lamulo lake la 2017 linatuluka lofewerapo pa mkaka wa ana okulirapo kuposa mmene linalembedwera poyamba.

Tisadzione oyera kwambiri pa khalidwe limeneli. Pamene Australia inalamula kuti fodya azigulitsidwa m'mapaketi opanda zokopa, Malawi anali m'gulu la mayiko amene anadandaula ku WTO, poteteza fodya wathu. Aliyense amakumbukira mapangano a malonda pamene katundu wake wakhudzidwa. Australia inapambana mu 2018 ndiponso pa apilo mu 2020, ndipo chigamulocho chinatsimikiza kuti boma likhoza kuchepetsa kagwiritsidwe ntchito ka chizindikiro cha kampani pofuna kuteteza umoyo wa anthu. Koma Australia inali ndi ndalama zolipira maloya kwa zaka zambiri. Unduna wa zaumoyo wa dziko losauka ukalandira kalata yochokera ku unduna wa zamalonda yonena kuti akunja akudandaula, nthawi zambiri pepala limangobwerera m'kabati.

Pali chipinda china chimene anthu ambiri sanachimvepo, koma a IBFAN akhalamo zaka zambiri. Codex Alimentarius ndi bungwe limene FAO ndi WHO anakhazikitsa mu 1963 kuti liziika miyezo ya zakudya. Kwa zaka makumi atatu miyezo yake inali yongothandiza. WTO itabwera, Codex inasanduka muyezo woweruzira milandu ya malonda: dziko likatsatira Codex silifunsidwa, likakhwimitsa kuposa Codex liyenera kufotokoza chifukwa chake. Kuyambira pamenepo liwu lililonse m'miyezo ya mkaka wa ana lili ndi mtengo. Komiti yoona zakudya zimenezi imachitikira kawirikawiri ku Germany, ndipo anthu a makampani amafika ochuluka, ena atakhala m'gulu la nthumwi za maboma awo. Mayiko osauka amatumiza munthu mmodzi kapena osatumiza konse. IBFAN ilibe voti kumeneko, imangololedwa kuonerera ndi kuyankhula, ndipo ntchito yake yaikulu imachitikira m'makonde, kufotokozera nthumwi za ku Africa ndi Asia tanthauzo la kandime kamene kakuoneka kosalakwa.

Nkhondo yaikulu ya ku Codex inali ya mkaka wa ana opitirira miyezi isanu ndi umodzi. Ndondomeko ya 1981 italetsa kutsatsa mkaka wa makanda, makampani anabweretsa wina wa nambala 2, kenako wa nambala 3 wa ana oyenda, m'zitini zofanana mtundu, dzina ndi maonekedwe. Potsatsa nambala 3 amakhala atatsatsa nambala 1 osaitchula. Msonkhano wa WHO unanena kale mu 1986 kuti mkaka wotsatirawu ndi wosafunika, ndipo mu 2016 malangizo a WHO anati mkaka uliwonse wogulitsidwira ana mpaka zaka zitatu uli pansi pa ndondomeko. Kukonzanso muyezo wa Codex kunatenga zaka pafupifupi khumi n'kutha mu 2023. Mawu otchula ndondomeko ya WHO analowa m'chiyambi cha muyezowo atakokedwakokedwa, America ikutsutsa.

Zaka zovuta kwambiri kwa IBFAN sizinabwere ndi makampani okha. Zitadziwika kuti HIV ikhoza kupatsirana kudzera mu mkaka wa m'mawere, Botswana ndi South Africa anayamba kugawa mkaka wam'chitini kwa amayi omwe anali ndi kachilombo. Mu 2000 nyuzipepala ya Wall Street Journal inadzudzula UNICEF chifukwa chokana zitini zimene makampani ankafuna kupereka mwaulere. Amene ankachenjeza za botolo anaoneka ngati ouma mtima oika chiphunzitso chawo patsogolo pa moyo wa mwana, ndipo mantha a amayiwo anali enieni. Koma kafukufuku wa Anna Coutsoudis ku Durban mu 1999 anali atasonyeza kuti kuyamwitsa mwakathithi kumapatsira kachilombo mocheperapo kusiyana ndi kusakaniza bere ndi zakudya zina. Mu 2006 madzi osefukira atadetsa zitsime ku Botswana, matenda otsegula m'mimba anapha ana mazanamazana, ambiri mwa iwo osayamwa. Mu 2010 WHO inasintha malangizo: mayi kapena mwana amwe ma ARV, kuyamwitsa kupitirire. South Africa inaganiza mu 2011 zosiya kugawa mkaka wam'chitini, ndipo chaka chomwecho Malawi inayambitsa Option B+, yoika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse, njira imene mayiko ena anatengera pambuyo pake.

Tikawerengera ndalama, makampani ndiwo apambana. Msika wa mkaka wa ana unali wa madola pafupifupi 1.5 biliyoni mu 1978, ndipo pofika 2019 unali utafika pa madola 55 biliyoni pachaka. Kukula kwakukulu kwachitika ku Asia. Mu 2008 mkaka wa kampani ya Sanlu ndi ena ku China unapezeka ndi mankhwala a melamine, ana pafupifupi 300,000 anadwala, asanu ndi mmodzi anamwalira. Mmalo moti amayi abwerere ku bere, makolo anathamangira zitini zakunja, ndipo alimi a ng'ombe a ku New Zealand, Ireland ndi Netherlands anapeza msika woposa maloto awo. Dziko limene chuma chake chimadalira kugulitsa mkaka waufa kunja limafika ku Codex likudziwa kale mbali yake. Mu 2018 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti nthumwi za America zinaopseza Ecuador ndi zilango za malonda komanso kuchotsa thandizo la zausilikali pofuna kuti isapereke ku msonkhano wa WHO chigamulo cholimbikitsa kuyamwitsa. America inakana kuti sinaopseze aliyense, koma Ecuador inabwerera m'mbuyo, ndipo chigamulocho anachipereka ndi a Russia.

Tikawerengera malamulo, chithunzi chake n'chosakanikirana. Lipoti la WHO, UNICEF ndi IBFAN la 2024 linapeza kuti mayiko 146 mwa 194 ali ndi lamulo lokhudza mbali ina ya ndondomeko, koma 33 okha ndiwo ali ndi lamulo loyandikira ndondomeko yonse. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inawerengera mu 2016 kuti kuyamwitsa kutafika ponseponse, ana osakwana zaka zisanu oposa 800,000 akanapulumuka chaka chilichonse. Pali chofooka chimodzi chimene lamulo la katsatsidwe silingachize. Malonda a pakati pa mayiko omwewo amene amabweretsa chitini ndiwo amatsegula mafakitale a zovala ndi minda ya maluwa ndi tiyi kumene amayi amabwerera ku ntchito mwana ali wakhanda. Pangano la ILO la 2000 limanena za tchuthi cha uchembere cha masabata 14, pamene WHO kuyambira 2001 imalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mayi wogulitsa pamsika kapena wantchito wa m'nyumba alibe tchuthi ngakhale cha sabata imodzi cholipidwa. Mayi woteroyo sagula chitini chifukwa chopusitsidwa. IBFAN inaliona vutoli, ndipo kuyambira 2004 magulu ake amayesa maboma pa mfundo zambiri kuphatikizapo tchuthi cha uchembere, koma mawu ake amamveka mwamphamvu pa makampani kuposa pa olemba ntchito.

Ofesi ya ku Penang inatsekedwa mu 2020. Ntchito yotolera umboni nayonso yasintha nkhope, chifukwa chotsatsa cha lero sichipachikidwa pakhoma la chipatala kuti mlonda achijambule. Chimafika pa foni ya mayi woyembekezera yekha, kudzera pa Facebook, Instagram kapena kwa mayi mnzake wotchuka pa intaneti amene walipidwa, ndipo woikayo akhoza kukhala dziko lina kumene lamulo la kuno silifika. Mu Meyi 2025 msonkhano wa WHO unavomereza chigamulo cha Brazil ndi Mexico chopempha mayiko kuti alamulire katsatsidwe kotereka.

Chitini chenichenicho sichinasiye kuyankhula. Mu Epulo 2024 IBFAN ndi bungwe la ku Switzerland la Public Eye anafalitsa zimene labotale ya ku Belgium inapeza mu zakudya za ana za Nestlé zogulidwa ku Africa, Asia ndi Latin America. Phala la Cerelac lokoma ngati bisiketi logulitsidwa ku Senegal ndi South Africa linapezeka ndi magalamu 6 a shuga wowonjezera pa mlingo umodzi wodyetsa mwana, pamene phala la kampani yomweyo la kukoma komweko ku Switzerland limagulitsidwa lopanda shuga wowonjezera. WHO imalangiza kuti zakudya za makanda zisathiridwe shuga. Nestlé inayankha kuti ikutsatira malamulo a mayikowo ndi miyezo ya Codex. Pa Codex sinaname, chifukwa muyezo wa phala la makanda umalolabe shuga wowonjezera.